Zaka Zitatu Zosowa m'Kabati

Chinsalu chimene anapachika pakhomo la holo ya sukulu chinali ndi zilembo zazikulu zoti munthu n'kuwerenga ali tsidya lina la msewu: ZAKA 44 AKUPHUNZITSA. Aliyense wodutsa ankangogwedeza mutu kuti eya, mkulu uja ntchito anaigwira. Palibe amene anaganiza zowerengetsera. Kuwerengetsera ndi matenda a ana a aphunzitsi, ndipo amene anali nawo kwambiri anali Hedi, mwana woyamba wa malemuwo.

Dzina la Hedi anamupatsa ndi bambo ake ali ndi zaka zisanu, atamupeza atafoletsa ana a pamzere wa nyumba zawo n'kumawayendera zikhadabo. Dzinalo linamukakamira mpaka linasanduka ntchito, moti tsopano anali hedi weniweni wa sekondale, wotsala pang'ono kupuma. Bambo akewo anthu onse ankangowatchula kuti Aphunzitsi, ngakhale mkazi wawo yemwe. Anali atamwalira mwezi wathawo ali ndi zaka 92, ndipo tsiku limeneli, thu koloko masana, sukulu yawo yomaliza inakonza zowakumbukira. Wowerenga mbiri yawo anali Hedi.

Mbiriyo anali atailemba kale, masamba anayi. M'mawa umenewo analowa m'chipinda chimene bambo ake ankawerengeramo kuti angotsimikiza masiku, chifukwa ankadziwa kuti m'holomo mudzaza aphunzitsi opuma, anthu amene amabwera kumwambo ndi bolopeni m'thumba. Chipindacho chinkanunkhabe polishi wa nsapato ndi mapepala akale. Pakona panali kabati yachitsulo, ndipo m'kabatimo chaka chilichonse cha ntchito chinali ndi fayilo yakeyake, yomanga ndi kachingwe, chakacho atachilemba pamsana ndi inki yabuluu. Aphunzitsi sankataya pepala. Ngakhale kalata yowakaniza tchuthi ankaiboola mabowo awiri n'kuisunga ngati satifiketi.

Hedi anawerenga mafayilowo napeza 41. Anawerenganso kuyambira pansi. Kachitatu anawerenga akukhudza iliyonse ndi chala ngati mwana wa sitandade wani, koma mafayilo sabereka. Pambuyo pa fayilo yakhumi ndi chinayi, zaka zinalumpha zitatu.

Anamasula kachingwe ka fayilo imeneyo. Pepala lomaliza linali kalata yotayipa, yaifupi, yochokera kwa akuluakulu a maphunzo. Inati atachenjezedwa kawiri, Aphunzitsi anapitiriza khalidwe losayenera mphunzitsi, m'kalasi ndiponso pamaso pa ophunzira, choncho achotsedwa ntchito kuyambira tsiku lomwelo. Makalata awiri ochenjezawo munalibe. Munthu wosunga pepala lililonse, awiri okhawo sanasunge.

Hedi anaiwerenga kawiri. Akanakhala namwino kapena wogulitsa m'sitolo, mwina akanangoti kalekale anthu ankachotsedwa ntchito pa zinthu zopanda mutu. Koma iye anali hedi, ndipo makalata otere ankawadziwa ngati m'thumba mwake. Chaka chathachi anasayina ina ya mphunzitsi wa masamu, bambo waulemu wovala tayi, amene anapatsa mimba mtsikana wa fomu thu. M'kalatamo sanalembemo za mimba. Analembamo mawu omwewa, khalidwe losayenera mphunzitsi, chifukwa ofesi siitchula chinthu ndi dzina lake. Anayang'ana deti la kalata ya bambo ake, nachotsera m'mutu. Tsiku limenelo iye anali khanda la miyezi khumi ndi umodzi.

Anakhala pampando wa bambo ake. Anachita mantha, mantha enieni, oposa a tsiku limene adokotala anawaitanira pambali iye ndi mchimwene wake.

Choipa cha mantha otere n'choti sasiya kanthu pamalo pake. Bambo amene iye ankawadziwa ankadzuka Loweruka n'kundandika nsapato za banja lonse pakhonde, kuzipolisha uku akufunsa ana malikulu a mayiko. Ankameta ana awo okha, mametedwe oipa koma achikondi. Mwana akajomba masiku atatu, iwo ankaweruka n'kuyenda wapansi mpaka kwawo kwa mwanayo, kaya ndi kutali bwanji. Ali ndi zaka 90 ankachongabe homuweki ya ana a oyandikana nawo kudzera pazenera, galasi lokulitsira zilembo lili m'manja. Ndipo nyengo ya mayeso, ana ochokera kutali ankagona pabalaza la nyumba yawo, anyamata chaka china, atsikana chaka china. Zonsezi Hedi anali atazilemba m'mbiri muja monyadira. Tsopano anadzipeza akuwerenga nkhope za atsikana aja mmodzimmodzi, ndipo anadzida nazo.

Panja panaima galimoto, kenaka munalowa Mzime, mchimwene wake wamng'ono, dalaivala wa mabasi, munthu wa mimba yake ndi nthabwala zake. Anali atangotula mipando kuholo.

"Ahedi, mukuchonga mapepala a malemu? Mwawapatsa zingati?"

Hedi anangomupatsira kalatayo. Mzime anaiwerenga milomo ikuyenda, naitembenuza ngati kuseri kwake kuli yankho.

"Bwezerani momwe mwaitenga, achemwali."

"Waiwerenga bwinobwino?"

"Ndaiwerenga. Munthu anaikidwa kale m'manda, sangadziyankhire. Inu kawerengeni 44 yanuyo, anthu aombe m'manja, tibwere tidzavule nsapato. Ine mapazi akundipweteka kale."

"M'holo muja mwina mubwera ana awo a sukulu a nthawi imeneyo," anatero Hedi. "Ndi agogo tsopano. Bwanji ngati mmodzi mwa iwo ndi mwini nkhaniyi? Akhale pamenepo ine ndikunena kuti bambo anga anali tate wa mwana aliyense?"

"Ndiye mukufuna mukanene chiyani? Kuti pepani anthuni, chinsalu chanama?"

"Sindikudziwa. Koma chaka chatha mayi wa mtsikana uja anakhala muofesi mwanga maola awiri osalira, akungopinda mpango. Ndinamuuza kuti ine sindibisa zoterezi, kaya wachita ndi ndani."

Mzime anapukusa mutu. "Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amayi okha musawauze. Mukudziwa mtima wawo mmene ulili masiku ano."

Nthawi inali itadutsa teni koloko. Hedi anapinda kalatayo n'kuiika m'chikwama, natuluka osanena kumene akupita. Panali munthu mmodzi yekha wamoyo amene anagwira ntchito ndi bambo ake pasukulu ya zaka zimenezo, mkulu wina amene aliyense ankamutchulabe Akalaliki ngakhale makina ake otayipira anachita dzimbiri kalekale. Ankakhala kuseri kwa sitolo ya mankhwala, misewu inayi kuchoka pamenepo. M'njira monse anthu ankamuimitsa Hedi. Wokonza njinga anati anaphunzitsidwa ndi Aphunzitsi kugawa kwa manambala aatali. Mayi wina wonyamula mwana anati abwera msanga kuti akapeze mpando wakutsogolo. Hedi ankayankha zikomo, zikomo, uku akuyang'anitsitsa nkhope ya mayi aliyense wa imvi.

Akalaliki anawapeza pakhonde atavala kale jekete la kumwambo, akulimbana ndi batani la pakhosi. Ataona kalatayo sanafune n'komwe magalasi.

"Imeneyi sindinatayipe ine. Ine ndinatayipa ziwiri zoyambazo."

"Zinkati chiyani?"

"Mwanawe, khala pansi, ukutuluka thukuta."

"Sindikhala, agogo. Thu koloko ndiimirira pamaso pa anthu. Ndiuzeni chimene bambo anga anachita."

Mkuluyo anasiya batanilo. "Bambo ako anandigwira dzanja pageti la sukulu, katundu wawo ali pangolo, n'kundiuza kuti nkhaniyi isadzatuluke pakamwa panga. Zaka zonsezi sinatuluke. Ndiye ndiitulutse lero, iwo atangotseka maso?"

"Ingondiyankhani chimodzi. Anali mwana wa sukulu?"

"Ndikayankha chimodzi ufunsa chachiwiri, ndiwe mwana wa mphunzitsi iwe. Nkhaniyi ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali moyo. Pita ukafunse mayi ako."

Hedi anabwerera mtima uli m'mwamba kuposa mmene anapitira. Ndiye kuti Amayi ankadziwa. Zaka zonsezi ankawasitira malaya, kuwadikira pachakudya, kuwatchula Aphunzitsi, akudziwa. Anaganiza zongonamizira mutu n'kumupatsa Mzime mapepala kuti akawerenge. Anaganiza zochotsamo chiganizo cha ana ogona pabalaza. Pofika pakhomo anali ataganiza zinthu khumi, osasankhapo n'chimodzi chomwe.

Kunena zoona, kulankhula ndi Amayi kunali kovuta kwa Hedi ngakhale pa tsiku labwino. Sankadana ayi. Koma iye anali mwana wa bambo ake, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Amayi ankamukalipira Mzime, kumuthamangitsa ndi patapata, kenaka n'kumugoneka pamiyendo. Koma Hedi, Amayiwo sanamukalipirepo. Ankamupempha zinthu mwaulemu ngati mwana wa alendo, ndipo iye anakula akuganiza kuti umenewo ndiwo ulemu wa mwana woyamba.

Anawapeza kuchipinda atakhala m'mphepete mwa bedi, diresi yakuda atavala koma zipi yakumsana ili yotsegula, akuyesa kulowetsa phazi lotupa m'nsapato. Wotchi ya pakhoma inkati kota pasiti thwelofu.

"Wabwera bwino. Tanditsekera zipiyi."

Hedi sanatseke. Anatulutsa kalatayo n'kuiika pabedi. "Amayi, mundikhululukire. Mzime anati ndisakuonetseni. Koma sindingakawerenge mbiri ija ndisanadziwe."

Amayi anaiyang'ana osaikhudza. Anavula nsapato imene inali italowa theka ija n'kuiika pambali pa inzake.

"Anaisunga," anatero. "Ndinkadziwa kuti anaisunga. Munthu uja kutaya pepala kunali ngati kutaya mwana."

"Anali ndani, Amayi? Ali moyo? Abwera lero?"

"Ndani?"

"Mtsikanayo."

Amayi anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. "Ndi zimene wakhala ukuganiza m'mawa wonsewu? Za bambo ako?"

"Makalata amenewa ndimawadziwa. Ndimasayina."

"Umadziwa ako. Tseka chitseko, ukhale apa."

Hedi anatseka, nakhala pampando wa patsogolo pa galasi.

"Ine ndinakwatiwa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi," anayamba Amayi, maso ali pa nsapato. "Bambo ako anawatumiza kusukulu yakutali, kopanda m'bale wanga kapena wawo. Iwe unabadwira kumeneko. Utabadwa, chinachake chinandilowa mumtima. Sindinkagona, sindinkadya. Ukalira ndinkatseka makutu ndi pilo. Tsiku lina ndikukusambitsa m'beseni, ndinadzipeza ndikuyang'ana madziwo, manja atasiya kukugwira. Ndinakuvuula, ndinakupukuta, ndinakugoneka pabedi. Bambo ako ataweruka anapeza iwe ndi kakalata pathebulo. Unali ndi miyezi itatu."

Amayi anapitiriza osamuyang'ana.

"Ndinapita kwa azakhali anga, ulendo wa masiku awiri pa basi. Ndinakalowa ntchito m'sitolo ya nsalu. Bambo ako anandilembera makalata, sindinayankhe. Ndinkaopa kuti ndikabwerera ndikupha."

"Nanga ine?"

"Ankapita nawe kukalasi. Anapeza katoni ya mabuku, anayalamo juzi lawo, n'kukuika pansi pa thebulo la mphunzitsi. Botolo la mkaka linkakhala m'dirowa pamodzi ndi choko. Ukalira ankakunyamula paphewa, dzanja linalo likulemba pabolodi. Anayesa kukusiya kwa mayi wina woyandikana nawo, unatsegula m'mimba sabata imodzi mpaka unatsala pang'ono kupita, ndiye analumbira kuti sadzakusiyanso. Woyendera sukulu anabwera, anawapeza akukusintha thewera pathebulo, ana makumi asanu akuonerera. Limenelo ndilo khalidwe lake."

"Koma akanangofotokoza. Akanalemba kuti mkazi wawo wachoka, akanawasamutsira kufupi ndi abale awo. Fomu yake ilipo, ngakhale kale inalipo."

"Anawapatsa fomuyo kawiri. Pamafunika kulembapo kuti mkazi wathawa banja, ahedi asayine, ipite kulikulu. Anakana. Ankangoti mayi a mwanayu akudwala, abwera. Makalata ochenjeza aja anatchulamo za ine, n'chifukwa chake sunawapeze. Amenewo okha anawotcha."

Panja Mzime ankaliza hutala pang'onopang'ono, kukumbutsa kuti nthawi ikutha.

"Zaka zitatu ankakhala pakhonde la positi ofesi kulembera anthu makalata, iwe uli pambali pawo. Anabwerera m'kalasi ine nditabwera, Akalaliki aja atawayendera m'maofesi mpaka nsapato kutha. Tinasamukira kuno, kumene kunalibe wotidziwa mpaka Akalalikiwo atadzapumira kuno. Anthu anayamba kuwerenga zaka kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, iwo sanawakonze. Ndi masamu okhawo olakwa amene bambo ako anawalekerera."

Hedi anamva manyazi akumukwera kuyambira m'khosi mpaka m'makutu. Maola anayi okha anamukwanira kuti awaweruze bambo ake, kuwapezera mtsikana, ndi kuwachotsanso ntchito kachiwiri. Koma pansi pa manyaziwo panali china cholemera kwambiri, chimene sanadziwe pochiika. Anayang'ana manja a mayi ake, otupa m'mfundo, ndipo sanathe kuletsa maganizo ake kuona beseni lija.

"Munabwereranji?" anafunsa.

"Ndisakunamize, sindinabwerere iwe. Ndinabwera kudzatenga satifiketi yanga ya sukulu, kusitolo ankaifuna. Ndinawapeza pampopi akuchapa timadiresi tako, iwe utakhala pachidebe ukuwerenga wani mpaka teni. Sunandidziwe. Unabisala kuseri kwa mwendo wawo. Iwo anapukuta manja pathalauza, n'kundiyang'ana monga ankayang'anira mwana wofika belu litalira kale. Anangoti, mwachedwa, lowani. Mpaka tsiku limene anamwalira sanandifunse funso lililonse."

Amayi anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndakhala ndikukuopa moyo wako wonse, Hedi. Ndikafuna kukukalipira ndinkadzifunsa kuti ndine ndani."

Hutala inaliranso. Hedi anaimirira, napita kumbuyo kwa mayi ake, nakoka zipi ija pang'onopang'ono kuti isatsine khungu. Msana wawo unali wochepa kuposa mmene ankaganizira. Kenaka anagwada n'kuyamba kuwaveka nsapato, chala chake atachilowetsa kuchidendene.

"Ndikawerenga 44," anatero ali chogwada. "Palibe amene akawerengetsere. Iwo anafuna choncho."

"Anafuna choncho chifukwa cha ine. Ndipo taona zimene zachitika. Mwana wawo yemwe, amene anagona m'katoni, wawaganizira zonyansa. Mawa mdzukulu adzatsegula kabati ija ine kulibe, Akalaliki kulibe. Adzafunsa ndani?"

"Amayi, m'holo muja muli anzanu a kutchalitchi. Muli azipongozi a Mzime. Mawa nkhaniyi ikhala m'kamwam'kamwa."

"Ikhale. Munthu uja wandifunditsa zaka zoposa makumi asanu. Ndatopa nako kufunda." Anaponda pansi kuyesa nsapatozo, nagwira phewa la Hedi kuti aimirire. "Tenga bolopeni, ukalembe m'galimoto. Ukanene zonse, katoni, thewera, fomu ija, ndi chimene ndinachita ine. Usakakometse."

"Mukakhala pati?"

"Kutsogolo, pamene andiikira mpando." Anatenga chikwama chawo pabedi, nayenda mpaka pachitseko, naima dzanja lili pachogwirira. "Koma ukafika pamenepo, mwanawe, usakandiyang'ane."